Mwana akakhala m'manja mwa khonsolo ku England: momwe mungagwiritsire ntchito IRO

Mwana aliyense amene khonsolo ikumusunga ku England, kaya mwa chigamulo cha khoti pansi pa Section 31 ya Children Act 1989 kapena makolo atavomera okha pansi pa Section 20, amayenera kukhala ndi ndondomeko yolembedwa yotchedwa care plan. Imanena komwe azikhala, sukulu, zaumoyo, masiku oonana ndi abale, komanso komwe moyo wake ukulowera. Amalemba ndi social worker. Koma woona ngati zolembedwazo zikuchitikadi ndi munthu wina, Independent Reviewing Officer, amene anthu amangomuti IRO.

Udindowu unabwera chifukwa khoti likangopereka chigamulo, silitsatiranso mwanayo tsiku ndi tsiku. Mu 2002 nyumba ya House of Lords, yomwe panthawiyo inali khoti lalikulu koposa, inanena kuti oweruza alibe mphamvu yopitiriza kuyang'anira makhonsolo, choncho aphungu anaika IRO mu Adoption and Children Act 2002, ndipo ntchitoyi inakhala yokakamiza kuyambira 2004. Masiku ndi malamulo amene ali pansipa ndi a ku England. Scotland, Wales ndi Northern Ireland ali ndi awoawo.

Dziwiranitu kuti IRO amalandira malipiro ku khonsolo yomweyo. Kuima payekha kwake ndi kwakuti si bwana wa social worker wa mwanayo ndipo sagwira thumba la ndalama zosamalira mwanayo. Alipo olimba mtima, alipo ongosayina. Ndiye musadikire kuti akufuneni.

Choyamba: pezani dzina ndi imelo yake. Funsani social worker, ndipo funsani polemba. IRO amayenera kusankhidwa msonkhano woyamba usanachitike.

Chachiwiri: werengani masiku. Msonkhano woyamba wounika ndondomeko, womwe ambiri amauti LAC review, uyenera kuchitika pasanathe masiku 20 ogwira ntchito mwana atalowa m'chisamaliro. Wachiwiri usapyole miyezi itatu kuchokera pa woyamba, ndipo yotsatira isatalikirane kuposa miyezi isanu ndi umodzi. Wachiwiriwo ndiye wofunika kwambiri. Pofika pamenepo khonsolo iyenera kukhala ndi ganizo lokhazikika: mwana abwerera kwa makolo, apita kwa wachibale, akhala ndi omulera mpaka atakula, kapena aperekedwa ku banja lina kotheratu. Ngati pali azakhali ku Leicester kapena agogo ku Zomba amene angamutenge, atchuleni msonkhanowu usanafike, ndi mayina ndi manambala a foni. Mabanja ambiri amabisa nkhaniyi kwa abale chifukwa cha manyazi, n'kudzatchula wachibale khonsolo itatseka kale mabuku.

Chachitatu: konzekerani ndi cholembera m'manja. Pemphani care plan ndi lipoti la social worker msonkhano usanachitike. Mukalandira fomu yofunsa maganizo anu, ilembeni, musangoisiya pa tebulo. Ngati Chingerezi cha m'maofesi chimakusokonezani, pemphani womasulira wa Chichewa pakadali nthawi, chifukwa sapezeka msanga, ndipo musalole kuti mwana wanu wamkulu akhale womasulira.

Powerenga, sakani zinthu zosamveka bwino. Mawu oti "mwana azionana ndi mayi ake pafupipafupi" sathandiza aliyense. Ziyenera kulembedwa motere: Loweruka lililonse, maola awiri, malo akutiakuti, woyendetsa mwana ndi uje. Onaninso ngati muli ndondomeko ya sukulu yotchedwa PEP ndi ya zaumoyo. Section 22 ya Children Act 1989 imalamula khonsolo kuganizira chipembedzo, mtundu, chikhalidwe ndi chiyankhulo cha mwana, choncho muli ndi poyambira kufunsa: akupita kutchalitchi kapena kumzikiti? Alipo amene amamuyankhula Chichewa? Omulera akudziwa kusamala tsitsi ndi khungu lake? Zimaoneka zazing'ono, koma mwana wa zaka zinayi amataya chiyankhulo msanga, ndipo tsiku lina adzalephera kucheza ndi agogo ake pa foni.

Nkhani ya mapepala ndi imene imaiwalika kawirikawiri. Kukhala m'manja mwa khonsolo sikupatsa mwana unzika wa Britain. Mwana wobadwira ku UK amene wakhalako zaka 10 zoyambirira za moyo wake ali ndi ufulu wolembetsa unzika, ndipo kuyambira mu 2022 ana osungidwa ndi khonsolo salipira ndalama yolembetsera. Pemphani kuti IRO aike nkhaniyi pa mndandanda, ndi tsiku loti ikhale itatha, mwana asanafike zaka 18.

Chachinayi: mumsonkhano. IRO ndiye wapampando, ndipo amayenera kuyamba wayankhula ndi mwana paokha, pokhapokha mwanayo atakana kapena msinkhu wake usakulola. Msonkhano ndi wa mwana, si bwalo lozengera makolo mlandu, ndiponso sungafafanize chigamulo cha khoti. Amene wabwera kudzatsutsanso umboni wakale amatuluka nthawi itatha osapindula kanthu. Inu bwerani ndi mfundo zitatu kapena zinayi, ndipo pa chilichonse chomwe chagwirizanidwa funsani kuti achita ndani, pofika liti. Ngati simukuloledwa kukhala m'chipinda chimodzi ndi mwana kapena ndi omulera, pemphani kukumana ndi IRO padera. Mapepala akakhala osakwanira, IRO angathe kuimitsa msonkhano kamodzi, kwa masiku osapyola 20 ogwira ntchito.

Chachisanu: tsatirani zolembedwa. Malinga ndi IRO Handbook ya 2010, buku la boma la malangizo a ntchito ya IRO, zomwe msonkhano wagwirizana zilembedwe m'masiku 5 ogwira ntchito, lipoti lonse m'masiku 15, ndipo lifike kwa onse m'masiku 20. Mkulu wa social worker ali ndi masiku 5 ogwira ntchito oti atsutse. Akakhala chete, ndiye kuti zavomerezedwa. Lipoti likafika liwerengeni tsiku lomwelo. Mukapeza kuti mawu anu asiyidwa kapena apotozedwa, lemberani IRO kuti akonze, chifukwa msonkhano wotsatira udzayambira pa pepala limenelo.

Ntchito ya IRO siyithera pa msonkhano. Lamulo la Children and Young Persons Act 2008 linamupatsa udindo wotsatira nkhani yonse ya mwanayo. Mwana akafuna kusamutsidwa nyumba kapena sukulu, kapena masiku oonana akadulidwa, muuzeni nthawi yomweyo ndipo pemphani kuti msonkhano ubwere msanga. Pa chigamulo cha Section 31, khonsolo ingaimitse mwadzidzidzi kuonana kwa masiku 7 okha; kupitirira apo pamafunika chilolezo cha khoti.

Chachisanu ndi chimodzi: zikakanika. Lemberani IRO kalata yaifupi: chinagwirizanidwa ndi ichi, tsiku lake linali ili, sichinachitike. M'pempheni ayambitse njira ya khonsolo yothetsera kusamvana, dispute resolution process, imene imakwera kuchoka kwa mkulu wa timu mpaka kwa akuluakulu ndipo isapyole masiku 20 ogwira ntchito. Ali ndi mphamvunso yotumiza nkhani ku Cafcass nthawi ina iliyonse, bungwe loimira zofuna za ana m'makhoti a zamabanja, lomwe lingaibwezere ku khoti, ngakhale kuti izi sizichitika kawirikawiri. Kuopsa kwa IRO wofooka kunaoneka pa mlandu wa A and S v Lancashire County Council mu 2012, pomwe anyamata awiri apachibale anasamutsidwa maulendo oposa 70 aliyense, ndipo khoti linapeza kuti khonsolo pamodzi ndi IRO anaphwanya ufulu wawo. Handbook imati IRO mmodzi akhale ndi ana 50 mpaka 70. Akachulukirapo, kalata yanu ya masiku ndi mfundo ndi imene amaiona msanga kuposa foni yodandaula.

IRO mwiniyo akapanda kuyankha, lemberani bwana wake, kapena tsegulani dandaulo la pansi pa Children Act. Lili ndi magawo atatu, ndipo gawo loyamba liyenera kuyankhidwa m'masiku 10 ogwira ntchito, kapena 20 nkhani ikakhala yovuta. Mukadutsa onse, mungapite kwa Local Government and Social Care Ombudsman, ofesi yoima payokha yofufuza madandaulo okhudza makhonsolo. Mwana nayenso ali ndi ufulu wokhala ndi womuyankhulira woima payekha, ndipo mabungwe monga Coram Voice ndi NYAS amagwira ntchito imeneyi. Makolo ndi achibale angapeze uphungu waulere ku Family Rights Group. Ngati mlandu ukadali m'khoti, tumizani kwa loya wanu lipoti la msonkhano uliwonse likangofika.