Mmene mungachitire mukafika ku kachisi wa Ise ku Japan

Inu a ku Mzuzu amene mukupita ku Japan kukaphunzira kapena kukagwira ntchito, mukapeza mpata kafikeni ku Ise Jingu, kachisi wolemekezeka kwambiri wa chipembedzo cha Shinto, m'chigawo cha Mie. Kuchokera ku mzinda wa Nagoya, sitima ya kampani ya Kintetsu imayenda pafupifupi ola limodzi ndi theka kukafika pa siteshoni ya Iseshi. Polowa salipiritsa. Ngati ndi mu Januwale tengani jekete lochindikala, chisanu chake chimaposa cha ku Mzuzu mu Juni.

Malo akuluakulu alipo awiri. Mwamwambo mumayambira ku Geku (kachisi wakunja), kufupi ndi siteshoni, kenako mumakwera basi ya ku Naiku (kachisi wamkati), kumene amapembedza Amaterasu, mulungu wamkazi wa dzuwa. Ku Geku yendani chakumanzere kwa njira, ku Naiku chakumanja. Pakati amati mpodutsa milungu. Pachipata cholowera, chotchedwa torii, yambani mwaima, muwerame kamodzi, ndiye mulowe.

Pamene alendo ambiri amalakwitsa ndi posamba m'manja. Tungani madzi kamodzi kokha ndi chikho chachigwiriro chachitali, chili kudzanja lamanja. Tsukani lamanzere, sinthani, tsukani lamanja. Sinthaninso, thirani pang'ono m'chikhatho chamanzere, muchukuche m'kamwa, mulavulire pansi chapambali mutaphimba pakamwa. Chikhocho chisakhudze milomo, ndipo madziwo si akumwa. Tsukaninso lamanzere, kenako imitsani chikho kuti otsalawo atsike ndi chigwiriro. Mukathira ambiri poyamba, amakutherani musanafike pakamwa.

Pamalo opempherera weramani kwambiri kawiri, ombani m'manja kawiri, khalani chete pang'ono, muweramenso kamodzi. Ku Izumo Taisha, kachisi wina wa Shinto, amaomba kanayi, pamene ku akachisi a Chibuda saomba n'komwe. Ngati chikhulupiriro chanu sichikulolani, imani pambali mwakachetechete, palibe amene angakukakamizeni.

Musayembekezere kuona zambiri. Nyumba yeniyeni ya kachisiyo yazunguliridwa ndi mipanda ya matabwa, pakhomo pali nsalu yoyera, ndipo mukakwera masitepe amiyala kujambula n'koletsedwa. Musadabwenso kuti matabwa ake si akale. Pakatha zaka 20 zilizonse amamanga ina ndendende pa bwalo loyandikana nalo, mwambo womwe unayamba m'chaka cha 690. Anamanga komaliza mu 2013, ndipo ulendo wotsatira ndi 2033.