Momwe mungasankhire tauni yokhalamo ndi kugula puloti: njira imene ndinadutsa ku Salima

Nditakhala zaka 9 m'nyumba ya lendi ku Area 25, tsiku lina ndinaphatikiza ndalama zonse zimene ndinapereka kwa alandilodi, ndipo mtima unandiwawa. Zinali zokwana kumanga nyumba mpaka kukhoma malata. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, lendi inakweranso, ndipo eni mapuloti amene tinkawayang'ana cha ku Lumbadzi anayamba kutchula mtengo wina m'mawa, wina madzulo. Apa ndi pamene ine ndi mayi akunyumba tinayamba kufunsana ngati kukhala ku Lilongwe n'kokakamiza. Lero tili m'nyumba yathuyathu ku Salima. Anzanga ambiri amandiimbira kufunsa kuti ndinayenda bwanji, ndiye ndati ndilembe kamodzi kuti aliyense adziwerengere.

Choyamba: yang'anani kumene ndalama yanu imachokera

Musayambe ndi kufunsa kumene malo akutchipa. Yambani ndi kumene mumapeza chakudya. Ine ndine mphunzitsi, malipiro anga ndi omwewo kaya ndikuphunzitsa ku Kawale kaya ku Khombedza m'boma la Salima, choncho kupempha kusamutsidwa kunali kwanzeru. Mayi akunyumba amagulitsa mpunga, ndiye kwa iwo kuyandikira ku Lifuwu, dera la ku Salima kumene amalima mpunga, kunali phindu lenileni. Koma ngati ntchito yanu ili ku Kanengo kapena ku Capital Hill, musadzinamize kuti muzikagona ku Salima n'kumalawira tsiku lililonse. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, wazitunda ndi wamakona, ndipo mafuta akasowa a masiyenta amatchula mtengo umene akufuna. Ndalama imene mwapulumutsa pa lendi idzathera pa thiransipoti. Munthu wotero agule ku Salima kuti amange pang'onopang'ono, adzalowemo akapuma ntchito kapena aikemo wa lendi.

Ife tinayerekeza malo atatu. Lilongwe ili ndi zonse: ntchito, sukulu zabwino, chipatala chachikulu cha Kamuzu Central, koma ndalama yogulira puloti yokha inali yoti kwina tingagule malo n'kufika pa windo. Nkhotakota tinaikonda, ndi kwabata, nsomba ndi mpunga n'zosasowa, ndipo malo amene tinaonetsedwa anali otsikirapo mtengo kuposa a ku Salima. Amene amachita bizinesi ayang'anenso ku Dwangwa, kumene ndalama imayenda chifukwa cha fakitale ya shuga. Chinatibweza ndi kutalika. Kuchoka ku Salima kukafika ku boma la Nkhotakota pa M5 ndi makilomita ena opitirira 100, ndipo makolo athu odwaladwala ali ku Lilongwe. Salima inakhala pakati: uli kunja kwa mzinda koma ukadzuka m'mawa umafika ku Lilongwe maofesi asanatsegule bwino.

Dziwani kuti Salima nayo siyotchipa ngati kale. Anthu a ku Lilongwe akugula kwambiri msewu wa ku Senga Bay, ndipo madobadoba akangoona nambala ya galimoto yachilendo mtengo umakwera pomwepo. Adzakuuzani za fakitale ya shuga, za magetsi a dzuwa amene anatsegulidwa mu 2021, za mapaipi otenga madzi a m'nyanja kupita ku Lilongwe, zonsezo pofuna kuti mulipire lero. Mverani, koma musatulutse chikwama.

Chinthu china chaching'ono: musanasankhe, kagoneni ku Salima kapena ku Nkhotakota usiku uwiri mu Okutobala. Ena kutentha kwa kunyanja ndi udzudzu sakupirira, ndipo ndi bwino kudziwa zimenezi musanasamutse ana.

Chachiwiri: ndalama

Ife tinasonkhanitsa za banki mkhonde ya mayi ndi ngongole yanga ya ku SACCO. Katapila musamuyandikire, ndaona anthu akulandidwa puloti yomwe anakongolera. Pa ndalama imene muli nayo, musaike yonse pa mtengo wa malo. Siyani ina ya saveya, ya mapepala ndi ya maulendo, chifukwa mudzayenda kangapo.

Chachitatu: malo muwaone nthawi ya mvula

Apa ndi pamene ndinagwa, ndipo ndikupemphani muwerenge modekha.

Puloti yanga yoyamba ndinaiona mu Okutobala 2022. Anandiperekeza ndi mnyamata wina amene ndinakumana naye pa Kamuzu Road, waulemu, wodziwa kulankhula. Tinakwera kabaza mphindi zochepa kuchoka pa tala. Malowo anali athyathyathya, opanda chitsa kapena mwala, migwalangwa itaima chapatali, mapolo a ESCOM akuonekera. Udzu unali utapsa, pansi pali poyera. Ndinaona kuti dothi ndi lakuda ndipo lang'ambika ming'alu yoti phazi la mwana lingalowe, ndinafunsa. "Bwana, limeneli ndi dzuwa la ku Salima basi. Mukachedwa pali abwana ena a ku Area 47 akubwera Loweruka ndi ndalama m'manja." Ndinalipira sabata yomweyo, pamaso pa mwini malo ndi mboni ziwiri. Mu Novembala tinakumba maziko, tinathira konkire, tinaunjika njerwa 8,000 ndi matiripi awiri a mchenga.

Mu Febuluwale ndinabwera kudzaona. Wakabaza anandisiya patali, anati njinga siingapitirire. Ndinavula nsapato, ndinapinda buluku, ndinayenda m'madzi ofika m'mawondo. Pamene panali maziko anga panali dziwe, achule akulira, njerwa za pansi zitasungunuka, mchenga utapita. Chapafupi agogo ena anali akuwokera mpunga. Anaweramuka, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwanangu, ndiwe unagula pano? Ukanandifunsa. Pano timalima mpunga chibadwire changa." Mu Okutobala muja ndinawadutsa agogo omwewa atakhala pakhonde pawo, ndinangowapatsa moni. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndinabwerera ku Lilongwe usiku umenewo osadziwa kuti mayi akunyumba ndikawauza chiyani, chifukwa theka la ndalamazo linali la banki mkhonde yawo.

Dothi lija ndi makande. Likamwa madzi limafufuma, likauma limanyala n'kung'ambika, ndipo nyumba yomangidwa pamenepo imang'ambika nalo limodzi pokhapokha mutathira ndalama zambiri m'maziko. Salima ndi Nkhotakota ndi maboma a chigwa, madzi onse otsika kumapiri amadutsa kuno popita kunyanja, m'mitsinje ngati Linthipe, Lifidzi, Bua ndi Dwangwa. Madambo ndi ambiri, ndipo m'chilimwe dambo limaoneka lokongola kuposa malo ena onse.

Ndiye chitani izi. Pitani pakati pa Januwale ndi Malichi, makamaka tsiku lotsatira mvula yamphamvu, ndipo mupite nokha, popanda dobadoba. Ngati simungadikire mvula, malo amanena okha mukawayang'anitsitsa. Fufuzani ziputu za mpunga ndi timigula totchingira madzi m'munda. Yang'anani zigoba za nkhono pansi, bango, ndi ming'alu ija. Onani makoma a nyumba zoyandikana: madzi amasiya mzere wakuda kapena wobiriwira pamene anafika, ndipo pulasitala wa m'munsi amakhala atayoyoka. Onani zimbudzi. Mukapeza kuti anthu amamanga chimbudzi chokwera, chokhala ndi masitepe, dziwani kuti madzi ali pafupi ndipo dzenje lokumba limagumuka. Suzumirani m'chitsime cha pafupi muone pamene madzi ali. Lipirani mnyamata akumbe dzenje lofika m'chiuno pakati pa puloti, mugwire dothilo ndi manja. Lofiira kapena lamchenga wosakanikira ndi labwino, lakuda lomata ngati phula likuchenjezeni.

Koposa zonse, khalani pansi ndi amayi achikulire a pamalopo, muwafunse mwaulemu kuti madzi amafika pati chaka cha mvula yambiri. Iwo alibe chawo pa malondawo.

Amene mukufuna m'mphepete mwa nyanja, kumbukirani 2024. Nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota, ndipo chaka chomwecho mu Febuluwale madzi osefukira anasamutsa anthu ambiri ku Dwangwa. Mchenga woyera umene mukuuona lero ndi malo a nyanja, imabwerera ikafuna.

Puloti ija sindinathe kuibweza. Mwini wake anati ndalama anadya kale, mnyamata uja foni yake inasiya kupezeka. Pano timalimapo mpunga. Yachiwiri, imene tikukhalapo, ndinaiona mu Malichi 2023 mvula ikugwa, nditaima pamenepo ndi ambulera kuona kumene madzi akulowera.

Chachinayi: mwini malo weniweni ndani

Malo ambiri ozungulira matauni awiriwa ndi a makolo, ali pansi pa mafumu. Vuto lake ndi loti munthu mmodzi amagulitsa malo a banja lonse, mawa alongo ake kapena amalume n'kutulukira. Kuno malo ambiri amayendera kuchikazi, choncho ngati akukugulitsani ndi bambo, funsani ngati ali pamudzi pawo kapena ndi mkamwini. Ine ndinakana kulipira mpaka mwini mbumba ndi azilongo awiri atabwera n'kusaina. Pitani kwa anyakwawa ndi kwa agulupu limodzi ndi ogulitsa, masana, anthu akuona. Aitaneni onse ochita nawo malire, muyende m'malire monse pamodzi. Kalata ya mgwirizano ikhale ndi maina, manambala a chiphaso cha unzika, kukula kwa malo, ndalama ndi chidindo cha mfumu. Jambulani zithunzi. Ndalama tumizani kudzera ku banki kapena pa foni kuti pakhale umboni, osati kupatsana m'thumba la pulasitiki kuseri kwa golosale.

Musanalipire, pitaninso ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya boma mukafunse ngati malowo sali pa msewu umene unakonzedwa kale, pa malo a boma, a njanji kapena pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi. Malamulo a malo anasintha mu 2016 ndipo anakonzedwanso mu 2022, ndiye zimene anachita malume anu kale mwina sizikugwiranso ntchito. Akuuzani kumeneko njira yoyenera malo anuwo. Wina akakuuzani kuti "mapepala ndikuyendetserani ndine, ingondipatsani kenakake", mukaneni. Lipirani pa kauntala, mutenge lisiti.

Chachisanu: saveya ndi mapepala

Pezani saveya wovomerezeka aike mabikoni (zizindikiro za malire) ndi kujambula mapu a malo. Alipo ena ongoyenda ndi foni ndi tepi, mapu awo ku ofesi amawakana ndipo mumalipira kawiri. Mukatero yambani kufunsira lizi, chikalata cha boma chokulolani kukhala pamalowo kwa zaka zoikika; ya nyumba zokhalamo imakhala ya zaka 99. Zimatenga nthawi, muzipita kukakumbutsa. Podikira dzalani mitengo m'malire ndipo muunjikepo njerwa, malo ongokhala amakopa akuba. Pulani ya nyumba ipite ku khonsolo isanayambe ntchito.

Chachisanu ndi chimodzi: kumanga

Ndalama musasunge, gulani katundu. Kwacha itagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ife tinali titagula kale malata, ndipo ndi chimene chinatipulumutsa, chifukwa simenti ndi zitsulo zinakwera sabata yomweyo. Simenti yokha musaunjike yambiri, kuno chinyezi chimaiumitsa. Poigula kwezani thumba ndi manja, ena amapungula n'kusokanso. Malata yang'anani geji yake, musakhulupirire za pakamwa. Mmisiri mupangane naye pa gawo lililonse, maziko, windo, lintala, denga, ndipo muzilipira gawo likatha. Muwerengere matumba nokha madzulo alionse kapena muike mbale wanu pamalopo. Maziko akwere ndithu, mawindo akhale aakulu ndi oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, ndipo ikani siling'i mukangopeza ndalama, apo ayi mu Okutobala simugona.

Za madzi lembetsani ku Central Region Water Board, za magetsi ku ESCOM, ndipo chitani zimenezi nyumba idakali pa windo. Ife tinalowa zipinda ziwiri zokha zitatha, tikutunga pa mjigo ndi kuunikira sola. Chipinda cha ana tikupaka pulasitala mwezi uno.