Mwana wakwana miyezi 6: phala lake likhale lotani?

Mwana akamayandikira miyezi 6, aliyense pakhomo amaona kuti zinthu zasintha. Khosi lalimba, wayamba kukhala pansi ngakhale mochita kumutchingira ndi zitenje, maso ake amatsatira dzanja la amayi kuchoka m'mbale kukafika kukamwa, ndipo chilichonse chimene wagwira amafuna achilawe. Agogo akamati "mwanayu wayamba kusirira nsima," amanena zoona. Kuyambira tsiku lobadwa bere lokha linkamukwanira, popanda madzi kapena phala. Tsopano thupi lake likufuna zambiri kuposa zimene mkaka wa m'mawere ungapereke pawokha, makamaka ayironi wopanga magazi. Bere lipitirire ndithu, koma chakudya china chiyambe.

Ife amene timakhala pa sikelo mwezi ndi mwezi timauona msinkhu umenewu m'timabuku ta ana. Mzere wa kulemera umakwera bwino miyezi yoyambirira, kenaka pakati pa miyezi 6 ndi zaka 2 umayamba kugona. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16, amene anachita a National Statistical Office, anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Malawi muno ndi opinimbira. Mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, ndi 8 okha mwa 100 amene ankadya zakudya zakasinthasintha komanso kokwanira pa tsiku. Kupinimbira kukakhazikika mwana n'kupitirira zaka 2, n'kovuta kukubweza, ndipo sikuthera pa msinkhu wokha: kumakhudzanso ubongo ndi mmene mwanayo adzaphunzirire.

Njala ilipo, sindikukana. Koma timapezanso ana onyentchera pakhomo pamene pali chimanga, nkhuku zikuyendayenda, mtedza uli m'thumba. Chimene chimawapweteka ana oterewa ndi phala lamadzi, lija la ufa woyera, kamchere ndi shuga, limene amayi amachita kumwetsa ndi kapu. Amayi amalisungunula dala poopa kuti lolimba limutsamwa mwana kapena limuumitsa m'mimba. Mantha amenewa ndimawamvetsa. Koma taganizirani: mimba ya mwana wa msinkhu umenewu imadzaza ndi chakudya chosaposa kapu imodzi ya tiyi. Mukaidzaza ndi madzi, mwana amakhuta n'kugona, inu n'kumati wadya, pamene thupi silinalandire kanthu. Yesani phala lanu motere: tungani ndi supuni n'kuipendeketsa. Likayenderera msanga, ndi lamadzi. Loyenera limakakamira pa supuni n'kumagwa pang'onopang'ono. Likhale lofewa, losalala, lopanda mibulu, koma lokhuthala.

Ufa wake ukhale mgaiwa. Pokonola ndi kuviika mphale timataya gaga ndi mtima wa chimanga, m'mene muli mafuta ndi mavitamini, choncho ufa woyera umatsala wongokhutitsa. Ambiri mumalidziwa phala la Likuni, limene dzina lake linachokera ku Likuni kufupi ndi mzinda wa Lilongwe. Chinsinsi chake n'chosavuta: miyeso 4 ya chimanga, muyeso 1 wa soya. Mungathe kukonza nokha kunyumba, bola soya musamugayitse wamuwisi, chifukwa amavuta kugayika m'mimba ndipo amanunkha. Bwatitsani madzi kaye, thiranimo soya pang'onopang'ono kuti madzi asaleke kubwata, awire mphindi 20 mpaka 30, mumutsuke m'madzi ozizira mukuchotsa makoko, mumuyanike aume gwa, ndiye mupite naye kuchigayo limodzi ndi chimanga. Ena amachita kumukazinga, nazonso n'zabwino.

Kumene kulibe soya, nsinjiro zimagwira ntchito yomweyo. Apa ndiime pang'ono, chifukwa pali chizolowezi chimene chimandidetsa nkhawa. Mtedza wabwino timausankha kuti tikagulitse, ndipo wofwifwa, wonyala, wosweka ndi wobooka ndi umene timasiya wa pakhomo n'kusinja. Mtedza woterewu ndi umene umakhala ndi chuku, ndipo poizoni wa chuku satha ndi kuphika kapena kukazinga. Amawononga chiwindi, ndipo mwana wamng'ono ndiye amapwetekeka kwambiri. Mtedza wa phala la mwana ukhale wosankhidwa umodziumodzi, woumitsidwa bwino, wosungidwa pouma. Chimanga chowola nachonso chisalowe mu ufa wa mwana.

Mumphika wa phala ndi mmene magulu 6 a zakudya aja timawaphunzitsa angakumanire: zokhutitsa, za nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Sikuti onse alowe tsiku limodzi m'phala limodzi ayi. Lero thiranimo supuni ya ufa wa bonya kapena usipa, wokazinga pang'ono n'kusinja ndi mitu yomwe, chifukwa m'minga ndi m'mitumo ndi mmene muli zolimbitsa mafupa. Mawa swerani dzira m'phala likubwata, mutakase lipse bwinobwino. Tsiku lina nkhwani, bonongwe, chisoso kapena kholowa wophika n'kupota mpaka asalale, kapena ufa wa masamba a chammwamba. Kasupuni kakang'ono ka mafuta ophikira kamawonjezera mphamvu popanda kudzaza mimba, ndipo kamathandiza thupi kulandira vitamini A wa m'masamba. Dzungu, papaya, mango, peyala, nthochi ndi mbatata yofiira mkati, monga Kadyaubwerere ndi Zondeni, zonsezi mungokanya ndi supuni. Mchere ukhale wochepa kwambiri, ndipo ukhale wa ayodini.

Za mazira mulankhulane bwino pakhomo. M'madera ena akuluakulu amaletsa ana kudya mazira, ndipo m'mabanja ambiri dzira ndi la kugulitsa kuti papezeke sopo ndi mchere. Bambo, dzira limodzi loperekedwa kwa mwana wa miyezi 7 lili ndi phindu loposa ndalama imene mukanalandira pamsika. Chimodzimodzi tsiku limene mwapha nkhuku: chiwindi chikhale cha mwana, chophikidwa bwino n'kunyenyanyenya. Mwana akayamba nsima, ambiri amangomuviikira mbamu mumsuzi, ndiwo zenizeni n'kudya akuluakulu. Msuzi ndi madzi, mchere ndi kafungo chabe. Nyemba zenizenizo, nsomba yochotsa minga, masamba enieniwo, ndi zimene muzimukanyira.

Nanga adye kangati? Pa miyezi 6 mpaka 8, kawiri kapena katatu pa tsiku, kuyamba ndi masupuni akuluakulu 2 kapena 3, n'kumawonjezera mpaka theka la kapu ya mamililita 250. Pa miyezi 9 mpaka 11, katatu kapena kanayi, theka la kapu ulendo uliwonse, ndi kachipatso kapena kambatata pakati. Apa wayamba kutola ndi zala, mupatseni tizidutswa tofewa adzidyetse yekha ngakhale azidzipaka. Kuyambira chaka chimodzi mpaka zaka 2 adye zakudya za banja lonse, katatu kapena kanayi, pafupifupi kapu yodzaza, ndi zotolatola kamodzi kapena kawiri. Zotolatola ndikunena nthochi, chikondamoyo, mbatata yophika. Tizakumwa totsekemera ndi tokhwasula ta m'timapepala timangomutseka njala. Tiyi amalepheretsa thupi kulandira ayironi. Uchi musamupatse asanakwane chaka, ndipo mtedza wathunthu ndi chimanga chokazinga zimatsamwa.

Mwana akhale ndi mbale yakeyake. Akamadyera limodzi ndi azikulu ake, amene ali ndi manja othamanga, simungadziwe kuti wadya zingati. Khalani naye pansi, muyang'anane, muzimulankhula ndi kumutchulira mayina a zimene akudya. Mawu ake oyamba amachokera m'macheza ngati amenewa. Akakana chakudya chatsopano musataye mtima, ana ambiri amafuna kulawa kambirimbiri asanachizolowere. Chimene ndikupempha ndi mtima wonse n'chakuti tileke kumugoneka mwana pamiyendo, kumutsina mphuno n'kumuthira phala kukamwa uku akulira. Phala limatha kulowa m'njira ya mpweya n'kumutsamwitsa kapena kuyambitsa chibayo, ndipo mwana amayamba kuopa supuni.

Kuyamwitsa kupitirire usana ndi usiku mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Pakati pa miyezi 6 ndi 12 bere limaperekabe theka la mphamvu zimene mwana amafuna, ndipo m'chaka chachiwiri pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mayi akaima mwana akadali pabere, mwambo wathu umati amuletse kuyamwa tsiku lomwelo chifukwa mkaka wawonongeka. Mkaka suwonongeka. Ana ambiri amene timawapeza atatupikana ndi amene anachotsedwa pabere mwadzidzidzi n'kutumizidwa kwa agogo. Mayi apitirize kuyamwitsa, iye mwini adye mowonjezera, ndipo akafunse malangizo ku sikelo ya amayi oyembekezera.

Makolo amakonda kuyerekeza: wa anzathu uja wayamba kuyenda, wathuyu bwanji? Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatsatira ana athanzi ku Ghana, India, Norway, Oman ndi America, ndipo mu 2006 linaonetsa kuti ana amakhala pansi okha pakati pa miyezi 4 ndi 9, ndipo amayenda okha pakati pa miyezi 8 ndi 18. Ena ochepa sakwawa n'komwe, amangokhwekhwereza matako kenaka n'kuimirira. Choncho mwana wa chaka ndi miyezi 2 amene akuyendabe mogwira khoma alibe vuto. Chimene akufuna ndi mpata. Mutsitseni kumbuyo, muyalireni mphasa pamalo osesa bwino, kutali ndi moto ndi zitosi za nkhuku, mumupatse chikho ndi chipande asewere nazo. Koma akakwana miyezi 9 asakukhala yekha, miyezi 18 asakuyenda, akakhala kuti satembenuka mukamuitana, kapena waleka zimene ankatha kale, pitani naye kuchipatala osadikira tsiku la sikelo.

Mano oyamba amatuluka cha m'ma miyezi 6 momwemu, ndipo apa pali chikhulupiriro chimene chatayitsa ana ambiri: chakuti kutsegula m'mimba ndi kwa mano, kudzasiya kokha. Mano amachititsa dovu ndi kuyabwa nkhama basi. Mwana amatsegula m'mimba pa msinkhu umenewu chifukwa wayamba kukwawa, akutola za pansi, akudya ndi kumwa zochokera m'ziwiya. Sambani m'manja ndi sopo musanakonze chakudya, musanamudyetse, ndiponso mukamusintha thewera, ndipo musambitseni m'manja iyenso. Madzi ake akhale owiritsa kapena othira mankhwala. Akatsegula m'mimba, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino, muzimumwetsa pang'onopang'ono, bere lisaleke, ndipo mapiritsi a zinki amwe masiku onse amene mwauzidwa kuchipatala ngakhale kutsegulako kutasiya. Liwombo likalowa m'kati, maso akalowa, mwana akafooka, ndiye kuti madzi atha m'thupi. Zomata pamutu sizingabweze madziwo, thamangani naye kuchipatala. Mwana wodwala safuna kudya, koma mupatseni pang'onopang'ono pafupipafupi, ndipo akachira muwonjezereni chakudya kamodzi pa tsiku kwa masabata 2 kuti abweze thupi.

Ambiri amaleka sikelo mwana akalandira katemera wa chikuku wa pa miyezi 9, poganiza kuti zatha. Wachiwiri alipo pa miyezi 15. Vitamini A amaperekedwa miyezi 6 iliyonse kuyambira pa miyezi 6, mankhwala a njoka za m'mimba kuyambira chaka chimodzi, ndipo m'maboma amene muli katemera wa malungo, amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2019, womaliza amabwera mwana akuyandikira zaka 2. Mukapita, musangolandira kabuku n'kukabisa m'chikwama. Funsani alangizi akuonetseni mzere. Ukagona miyezi iwiri yotsatizana kapena ukatsika, mukambirane za phala lomwe lija. Lamba woyezera mkono akafika pachikasu, kutsika masentimita 12.5, mwana wayamba kunyentchera; akafika pofiira, kutsika 11.5, kapena mapazi onse awiri akatupa n'kumasiya dzenje mukadina ndi chala, akufunika chithandizo tsiku lomwelo. Chiponde chimene mungalandire ndi mankhwala a mwana ameneyo, musagawire ena.

Nyengo yovuta kwambiri ndi ya dzinja, Januwale ndi Febuluwale, pamene ufa wachepa, malungo ndi kutsegula m'mimba zachuluka, amayi ali kumunda kapena kuganyu kuyambira mbandakucha, mwana wasiyidwa ndi mlezi amene nayenso ndi mwana. Konzekerani pokolola. Patulani soya, mtedza wosankha ndi nyemba za mwana musanagulitse, futsani masamba muwayanike pamthunzi, ndipo ufa wa bonya muusunge m'botolo louma lotseka bwino. Ngati n'kotheka pitani naye kumunda kuti aziyamwa, mutatenga nthochi kapena mbatata yophika. Ngati atsala, muuzeni mlezi nthawi yomudyetsa ndi muyeso wake, musiye mbale, supuni, sopo ndi madzi pamalo oonekera. Phala lophika m'mawa likakhala maola opitirira 2 lisaperekedwe lozizira: munthu wamkulu, kaya ndi bambo kaya agogo, alibwezere pamoto libwatenso, aliziziritse, ndiye amudyetse.