Utuchi wa m'khola la nkhuku ndi chifuwa chosamva mankhwala

Ku Chawama, Kanyama ndi Matero mu Lusaka ambiri mukuweta nkhuku za nyama kuseri kwa nyumba. Ndikamayendera makola nyengo ya mvula, ndimapeza utuchi wonyowa utachita nkhungu, mwini khola akuupala ndi fosholo mphuno zili pamtunda. Inu amene munadwalapo TB, nkhaniyi ndi yanu.

Mu utuchi wotere, m'manyowa ndi m'chimanga chachuku mumamera fangasi yotchedwa Aspergillus fumigatus. Timbewu take timauluka ndi fumbi, ndipo wa mapapo abwino amatipuma tsiku lililonse osadwala. Koma TB, ngakhale mutamaliza mankhwala a miyezi 6, nthawi zina imasiya mphako m'mapapo. Fangasi imakhazikika mmenemo, mwina mpaka kuundana ngati kampira.

Nthawi zina fangasiyi sikhala yokha. Bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa naye amakonda mapapo owonongeka, ndipo awiriwa amalimbirana ayironi. Bakiteriyayo amatulutsa poizoni wotchedwa pyocyanin, amene amabiriwitsa makhololo ndi kufooketsa fangasi. Wina angati ndiye bwino, alekeni amenyane. Ayi ndithu, poizoni yemweyo amalemaza timaubweya tosesa njira za mpweya, makhololo n'kumangodikha. Kuwonjezera apo, onse awiri amadzikuta ndi kautoto koterera kamene mankhwala amavutika kukalowa.

N'chifukwa chake makapisozi ongogula pamsika ndi kutaya ndalama. Amoxicillin sapha fangasi, ngakhalenso Pseudomonas samumva.

Mukakhosomola mpaka miyezi 3, thupi likutha, makhololo ali ndi magazi, koma makina oyeza makhololo a GeneXpert osapeza TB, auzeni adokotala kuti munadwalapo TB komanso mumagwira utuchi. Afunika kujambula chifuwa ndi kuyeza makhololo, kapena kukutumizani ku chipatala chachikulu cha UTH. Mankhwala a fangasi monga itraconazole amamwedwa miyezi 6 kapena kuposa, ndipo rifampicin wa TB amawachepetsa mphamvu, choncho musabise zomwe mukumwa kale.

Kukhola, ikani utuchi wouma okhaokha, ndipo muusinthe nkhuku zikagulitsidwa. Zomwera zikhale pa njerwa kuti madzi asatayikire pansi. Pochotsa wakale, wazani timadzi pang'ono kuti fumbi ligone, muvale masiki ya N95. Kunena zoona, wodwalapo TB ntchito imeneyi angomusiyira wina. Anapiye akayamba kupuma mwawefuwefu kukamwa kuli yasa, fukulani utuchi muone pansi pake, chifukwa fangasi yomweyi imawagwira nawonso.