Kukwatitsa nkhono kuti muone ngati kukana likodzo kumayenda m'magazi

Pa ntchitoyi ofufuza amadalira nkhono ya ku Brazil, Biomphalaria glabrata, ndi kachilombo ka likodzo la m'matumbo, Schistosoma mansoni. Mtundu wa nkhonoyi wotchedwa BS-90 ndi wakuda, ndipo maselo a m'magazi mwake amakuta kachilomboko n'kukapha kasanakhazikike. Wa NMRI ndi wachialubino ndipo umagwidwa msanga.

Vuto lake n'lakuti nkhono iliyonse ili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi zomwe, moti ikhoza kuikira mazira oswa bwinobwino osakumana ndi inzake. Imasunganso umuna wa inzake kwa milungu. Choncho zilekanitseni zikadali zazing'ono, iliyonse m'kapu yake, ndipo zikakhwima muike yakuda imodzi ndi yachialubino imodzi pamodzi kwa sabata. Mukazilekanitsanso, tengani mazira a yachialubino okha. Kamwana ka maso akuda, amene amaoneka pa maikulosikopu kakadali m'dzira, bambo wake ndi BS-90. Koyera kachotseni, n'kodzibereka.

Madzi akhale opanda kolorini, asadutse m'mipopi ya mkuwa chifukwa mkuwa umapha nkhono, ndipo atenthe madigiri 25 kapena 26. Letesi ndiye chakudya. Kutenthaku musakutenge mopepuka: BS-90 zazing'ono zikasungidwa pa madigiri 32 zikhoza kuyamba kugwidwa, inu n'kumanamizira chibadwa.

Poyesa, ikani nkhono iliyonse mwa ana aja payokha m'timadzi tochepa ndi miracidia (tiana ta kachilomboka timene timalowa mu nkhono) 5 mpaka 10 tongoswa kumene, kwa maola angapo. Tikagonera timafooka. Tsiku lomwelo, ndi miracidia ochokera m'mbale yomweyo, yesaninso NMRI zenizeni. Izozo zikapanda kugwidwa, ndiye kuti tizilombo tanu ndi timene tinali tofooka, ndipo zotsatira zonse n'zotaya. Pakatha milungu inayi yambani kuziika pa kuwala kwa ola limodzi kapena awiri sabata iliyonse, n'kuona ngati zikutulutsa cercariae, tizilombo timene timatuluka mu nkhono yogwidwa n'kulowa mwa munthu. Valani magolovesi, chifukwa cercariae amaboola khungu. Nkhono zimene zafa nthawi isanakwane muzilembe padera, si zokana ayi.

Mu nkhono zazikulu kukana kumatsata jini (kachidutswa ka chibadwa kochokera kwa makolo) imodzi yamphamvu: ana oyamba amakana, ndipo mukawakwatitsa okhaokha, adzukulu pafupifupi atatu mwa anayi amakana. Mu zazing'ono majini ambiri amalowererapo, choncho musasakanize misinkhu m'gulu limodzi. Lembaninso kumene kachilombo kanu kanachokera, popeza nkhono yokana S. mansoni wa dera lina ikhoza kugwidwa ndi wa dera lina.

Kwathu kuno njirayi siyenda chimodzimodzi. Nkhono ya Biomphalaria pfeifferi, imene inapezeka m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi mu 2017, imakonda kudzibereka yokha, ndiye kuikwatitsa n'kovuta. Popanda mtundu wachialubino wodalirika, bambo wa kamwana kalikonse muyenera kumutsimikiza poyeza DNA.