Mukapita ku Smara, musathawe tiyi

Ndinakhala miyezi iwiri m'banja lina ku Smara, umodzi mwa misasa ya anthu a ku Western Sahara amene anathawa nkhondo mu 1975 n'kukakhala m'chipululu cha miyala pafupi ndi Tindouf, ku Algeria. Ngati muli pa ulendo wopita kumeneko, choyamba phunzirani kukhala pansi.

Ndikunena za tiyi. Amaphika pa makala m'kaketulo, n'kumamutsanulira m'timatambula, kuchoka umu kupita umu, mpaka thovu litakwera. Amamwa katatu. Eni ake amati woyamba ngowawa ngati moyo, wachiwiri ngotsekemera ngati chikondi, wachitatu ngofewa ngati imfa. Ola limatha, mwina awiri. Tsiku langa lachiwiri ndinamwa kamodzi n'kudzuka, ati ndikuthamangira ntchito. Mayi a m'nyumbamo sanayankhule, koma madzulo mwana wawo anandifunsa ngati andilakwira. Manyazi ake! Wotchi ndinaiponya m'chikwama tsiku lomwelo. Pa tiyi ndi pamene mumamva kuti galimoto ya madzi ibwera liti, ndani akupita ku Rabouni, likulu la misasayi, mawa woti n'kukutengani.

Moni nawonso ngwautali, kufunsana za ana, za mbuzi, za kutentha. Ife Amalawi izi sizitivuta. Chovuta n'chilankhulo: amalankhula Hassaniya, mtundu wa Chiarabu, ambiri amadziwanso Chisipanishi poti dziko lawo linkalamulidwa ndi Spain, ndipo ena anakaphunzira ku Cuba. Chingerezi sichikufikitsani patali.

Musafunse agogo kuti "mwazolowera kuno?" Misasayi anaipatsa mayina a mizinda yakwawo, Laayoune, Awserd, Smara, Dakhla, Boujdour, chifukwa mtima uli komweko.

Nsapato vulani pakhomo la khaima, tenti yawo ija. Idyani ndi dzanja lamanja, mbali yanu ya mbale, monga pa nsima. Akakuphikirani nyama ya ngamila dziwani kuti akulemekezani, chifukwa masiku ambiri ndi mpunga, mphodza ndi buledi wa ufa wochokera ku bungwe la chakudya la WFP. Madzi osamba muziyeza ndi kapu, osati ndowa.

Mu July ndi August kutentha kumafika madigiri 50, choncho masana gonani ngati anzanu. Koma usiku wa January kumazizira koopsa, tengani juzi. Gulani nsalu yokulunga kumutu ndi kumaso, ndipo foni muziisunga m'jumbo. Yanga inafa ndi mchenga mphepo itaomba masiku awiri.

Mphatso musavutike nayo mutu. Shuga ndi masamba a tiyi wobiriwira, basi.