Kukumbukira aphunzitsi athu a nyimbo akatisiya, tipange chonchi

Maliro akatha anthu amabalalika msanga, ndiye musadikire mpaka nthawi ya chiliza ayi. Yambani ndi kubanja, mukakhale pansi ndi amayi kapena ana awo muwapemphe chilolezo cha konsati yachikumbutso.

Akavomera tsegulani gulu pa WhatsApp muitane onse amene anadutsa m'manja mwawo, a kwaya za CCAP ku Mbare ndi Highfield kuno ku Harare, oimba vayolini ndi malipenga, ngakhale amene ali ku Joni atumize kangachepe pa Mukuru, ife akuno pa EcoCash. Za holo kafunseni msanga ku Zimbabwe College of Music kapena kutchalitchi.

Koma chachikulu kwa ine ndi mapepala awo abale. Manotsi a nyimbo aja amakhala ndi tizolemba tawo ta pensulo, apa pumani, apa tsitsani mawu, apa musathamange, ndipo kaimbitsidwe kawo konse kali mmenemo. Jambulani tsamba lililonse ndi foni chiswe chisanalowemo, musunge pa Google Drive. Tsikulo aimbitse ndi wophunzira wawo akutsata mapepala omwewo, ndalama ya pakhomo mulipirire mwana mmodzi fizi ya nyimbo.